Joleen Akufuna Galu Wake

Ndinawaona komaliza Ababa ali pa geti. Unali m'mawa. Ankakweza mitolo ya udzu wa ng'ombe m'pikapu. Galu wathu Tuck analumphira pampando wakutsogolo.

"Wade, mawa ubwerere ku koleji," anatero Ababa. "Ng'ombe zanga sizifuna digiri."

Ndinaseka. Iwonso anaseka. Pikapu inapita.

Masana kunabwera galimoto ina. Inali ndi nyenyezi pachitseko. Munatuluka wapolisi wa kwa Sherifu, mkulu wa apolisi m'boma lathu. Anavula chipewa. Anati pikapu yagubuduzika pa mlatho. Anati Ababa atisiya.

Ku koleji sindinabwererenso.

Koma nkhaniyi ndi ya Joleen. Joleen ndi mlongo wanga. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Joleen ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna Tuck.

Tuck sanafe. Koma Tuck sanabwere kunyumba. Pa ngozi paja analuma wapolisi. Ndiye apolisi anamutsekera. Anati Lolemba amubaya jakisoni wakupha.

Anthu anabweretsa maluwa. Anthu anabweretsa chakudya. Amayi ankangogona. Joleen sanalire. Joleen anakwiya.

"Achimwene, lizani galimoto."

"Tikupita kuti?"

"Kwa Sherifu."

Ofesi ya Sherifu ili pafupi ndi khoti. Ili ndi zitseko zambiri. Joleen anagogoda pachitseko choyamba. Munali mayi wina ndi mafoni ake.

"Ndikufuna galu wanga," anatero Joleen.

"Pepa, mwanawe. Ine ndimayankha mafoni. Pakavuta, ndimatumiza apolisi. Za agalu si kuno."

Joleen anakwiya.

Chitseko chachiwiri chinali chachitsulo. Inali ndende. Panakhala mlonda wa mimba yaikulu.

"Ndikufuna galu wanga. Akuti mwamutsekera."

"Muno timatsekera anthu, dona. Kapena galu wakoyo anaba galimoto?"

Mlonda anaseka. Joleen sanaseke. Inenso sindinaseke.

Joleen anakwiya kwambiri.

Chitseko chachitatu chinali kuseri. Kunkanunkha mankhwala. Kunali makola a waya. Tinamva kulira. Joleen anathamanga.

"Tuck! Tuck!"

Tuck anali atawonda. Ananyambita zala za Joleen pa waya. Woyang'anira zinyama anali a Birdsall. Makiyi anali m'chiuno mwawo.

"Tsegulani," anatero Joleen.

"Makiyi ndili nawo. Mphamvu ndilibe. Wolamula ndi a Sherifu okha."

"A Sherifuwo ali kuti?"

"Ali kokopa anthu. Chisankho chayandikira."

Joleen anaganiza.

"Mayi wa mafoni uja, bwana wake ndani?"

"A Sherifu."

"Wa kundende uja?"

"A Sherifu. Inenso bwana wanga ndi omwewo."

"Nanga a Sherifu, bwana wawo ndani?"

A Birdsall anakanda mutu. "Anthu ovota. Ndi amene amawaika pampando. Ndi amenenso amawachotsa."

Joleen anandiyang'ana. "Achimwene, inu mumavota?"

"Ndiyamba chaka chino."

"Ndiye ndinu bwana wawo. Bwana wanji wongoima phee?"

Tinabwerera kunyumba opanda Tuck.

Loweruka m'mawa tinapita ku holo ya ozimitsa moto. A Sherifu Dorsey ankakazinga mapanikeke, zitumbuwa za ufa wa tirigu. Amatero chisankho chilichonse. Anavala epuloni. Nyenyezi yawo ya pachifuwa inkaonekera pang'ono. Mzere unali wautali. Aliyense ankalandira mapanikeke. Aliyense ankagwirana nawo chanza.

Joleen anatenga mbale. Anaima pamzere. Ine ndinaima pambuyo pake.

"Angati, kamtsikana?" anafunsa a Sherifu.

"Sindikufuna mapanikeke. Ndikufuna galu wanga."

A Sherifu anamwetulira. "Galu wako ndi uti?"

"Tuck. Amene mukufuna kumupha Lolemba."

Anthu anasiya kutafuna.

"Aa, uja," anatero a Sherifu motsitsa mawu. "Ubwere ku ofesi, mwanawe."

"Ndinabwerako. Kuli zitseko zambiri. Inu kunalibe."

Gogo wina pamzere anati, "Ehe!"

"Galu uja analuma wapolisi wanga," anatero a Sherifu. "Ine ndimateteza anthu a boma lino. Ndiyo ntchito yanga."

"Wapolisi wake uti?"

Kumapeto kwa tebulo kunali wapolisi wothira khofi. Dzina lake linali Lomeli. Dzanja lake linali ndi bandeji. Joleen anapita pomwepo. Mbale inali ikadali m'manja.

"Anakulumani ndi Tuck?"

"Eya."

"Munamuchita chiyani?"

"Iwe Joleen!" ndinatero.

"Musiyeni afunse," anatero Lomeli. Anaika ketulo pansi. Anagwada. "Ndine amene ndinafika koyamba pa mlatho. Kunkazizira. Galu anali atagona pachifuwa pa bambo ako. Dzanja lawo linali pamutu pake. Ndinamukoka kuti achoke. Anakana. Ndinamukokanso. Ndi pamene anandiluma."

Ine sindinkadziwa zimenezi. Palibe anatiuza. Ndinkaganiza kuti Ababa anali okha. Ndinagwira tebulo.

Joleen anabwerera kwa a Sherifu.

"Mwamva? Tuck ankalondera Ababa. Ankagwira ntchito yanu. Inu munali musanafike."

Panikeke linayamba kupserera. A Sherifu anayang'ana Lomeli. Anayang'ana Joleen. Kenako anayang'ana mzere wonse. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Lomeli," anatero, "uli ndi dandaulo pa galu ameneyu?"

"Ndilibe, bwana. Ndikanakhala iye, ndikanalumanso."

"Imbira Birdsall. Umuuze atsegule."

Anthu anawomba m'manja. Ine sindinawombe. Kaya unali mtima wawo, kaya anali mavoti, sindikudziwa. Joleen analibe nazo ntchito. Anapereka mbale yake.

"Tsopano ndipatseni awiri," anatero. "Limodzi ndi la Tuck."

Tinapita kwa a Birdsall, anatsegula khola. Tuck anakwera m'galimoto. Anadya panikeke lake kamodzin'kamodzi. Anadyanso la Joleen.

Titafika, Tuck anathamangira m'nyumba. Anafunafuna kukhitchini. Anafunafuna m'khola. Ananunkhiza nsapato za Ababa. Ababa sanawapeze.

Kenako analowa kuchipinda kwa Amayi. Anaika mphuno padzanja lawo. Amayi anadzuka. Anakhala tsonga. Anamugwira makutu onse awiri.

"Wabwera, mnyamata iwe?"

Joleen anakwera pabedi. Inenso ndinakhala m'mphepete. Bedi linachepa. Palibe anachoka. Apo ndi pamene Joleen analira. Analira, analira, nkhope ili mu ubweya wa Tuck. Atatha, anati ali ndi njala. Amayi anapita kukaphika.

Linali Loweruka, pa 19 Okutobala.