Kanjira ka Matenanti ku Tsikani

Ine Esitele ndatopa, abale. Ndingokuuzani mmene zilili.

Timakhala ku Tsikani, kuseri kwa njanji, ukangotuluka pa Boma la Mchinji. Dzinali linabwera ndi sitima. Kale ikafika ndi matenanti ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje, kondakitala ankakuwa kuti, "Tsikani, mwafika!" Anthu ankatsika ndi mitolo yawo n'kulowa kanjira kopita ku maesiteti a fodya. Lero njanji inamera udzu, timangodalira makabaza ndi maminibasi. Koma kanjirako kalipobe, ndipo kamadutsa pakhomo panga penipeni. Aliyense womanga mpanda kuno amasiya mpata. Amati amene anafera ku esiteti osabwerera kwawo amadutsa pomwepo madzulo, kukadikira sitima.

Amuna anga, a Felix, nawonso anabwera pa sitimayo ali mnyamata. Chaka chino chifuwa chawagwetsa. Tsiku lina madzulo ndikuwapaka mafuta kumsana, anadzutsa mutu.

"Amayi a Tionge, mukuwamva? Anzanga awo. Auzeni andidikire."

Panja panalibe ngakhale galu.

M'mawa mwake ndinaitana mmisiri, mpata uja n'kuutseka ndi njerwa. A Jobson, oyandikana nafe nyumba, anangogwira pakamwa.

"Mayi, njira imeneyo si yanu."

Ndinawayankha mwamwano, sindikana. Munthu ndakhala naye zaka makumi atatu, ndiye angotengedwa ngati thumba la mtedza ine ndikuyang'ana? Aaa, ayi.

Mdima utangogwa kunamveka kugogoda. Osati pachitseko. Pakhoma la mpanda. Go, go, go. Ndinasuzumira pazenera. Pamwamba pa khoma pankaoneka mitolo yokhayokha, yomanga m'zitenje zakalekale, itandanda pamzere. Osenzawo sindinawaone. Fungo la fodya wouma linadzaza nyumba.

"Odi kuno, tidutse nawo." Anali mawu a mzimayi, otsika, otopa kuposa ine. "Sitima itisiya."

Ndinakhoma chitseko, kiyi n'kumumangirira pachitenje, n'kukhala pansi nditatsamira chitsekocho. Kugogoda sikunaleke. Tulo tinandiba nthawi yanji, kaya.

Kutacha, pabedi panalibe munthu. Kiyi ali pachitenje pomwepo, chitseko chokhoma, khoma lili chiimire. Amuna anga ndinakawapeza pa siteshoni yakale, atakhala panjanji, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Munthu woti kuchimbudzi ndimachita kumunyamula! Anandiyang'ana opanda mkwiyo.

"Yatisiya, Esitele. Anzanga sanadutse. Ndikanakwera bwanji ndekha?"

Wakabaza ndiye anatithandiza kubwerera kunyumba. Pamjigo azimayi amanong'onezana kuti bola ndingogumula khomalo, munthu akapume ndi anzake. Kuyankhula n'kosavuta. Mwamuna si wawo.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Madzulo aliwonse amagogoda, m'mawa uliwonse ndimakatenga amuna anga kunjanji. Ndikudziwa bwino: khoma likakhala chiimire, akhalabe moyo. Koma phala sakumwa, amangoyang'ana kumpanda misozi ili chuchuchu. Dzulo anandigwira dzanja, munthu woti chikwatiranireni sanandipemphepo kanthu.

"Chonde, amayi a Tionge."

Masana ano ndakabwereka hamala kwa a Jobson. Ili apa pamiyendo panga, ndipo dzuwa likulowa.