Mpando Wachinayi Padenga

Tsikulo linayamba ngati masiku ena onse. Namwino anaweruka kuchipatala dzuwa litapendeka, mapazi akuwawa. Atafika pakhomo anapeza bambo ake atayala kale zida zawo patebulo lodyera: kamera, mabatire awiri, kansalu kopukutira galasi, ndi tochi yomata pepala lofiira kumaso.

"Mwayambatu kale, ababa? Nanga tidyera pati?"

"Pamwendo," anayankha osadzutsa mutu. "Nyenyezi sizidikira mbale."

Anthu a m'nyumba yosanjikizana imene ankakhalamo ankawatcha Ajambuli. Zaka makumi atatu anakhala akujambula zithunzi za ziphaso ndi za maukwati. Atapuma ntchito, analozetsa kamera yawo kumwamba. Ankati nyenyezi ndiye makasitomala abwino: siziphethira, ndipo sizibwera mawa lake kudzadandaula kuti mwandidetsa.

Koma maso awo anali kutha. Sinali ng'ala yoti dokotala n'kuchotsa. Mdima unkalowa kuchokera m'mbali, pang'onopang'ono, mpaka dziko lonse linatsala ngati ukuliona kudzera m'paipi. Dokotala anauza Namwino pambali kuti chaka chamawa, nthawi ngati ino, sipadzakhala chotsala. Namwino sanawauze. Iwonso sanafunse.

Usiku umenewo ndi umene wailesi inalengeza kuti nyenyezi zithothoka zambiri m'bandakucha, monga zimachitira kamodzi pachaka.

Wachitatu pagulu lawo anali Amakanika, mwamuna wa mng'ono wake wa Namwino. Ndi iwo amene anawotcherera mapaipi akale n'kupanga choimikapo kamera cha miyendo itatu. Anafika pakati pausiku atavala majekete awiri.

"Alamu, mng'ono wanu akuti ndapenga," anatero. "Akuti munthu wamkulu kusiya mkazi m'bulangete kukazizidwa ndi apongozi!"

"Akunena zoona," anatero Namwino. "Nyamulani mipando."

Anakwera masitepe nthawi itadutsa 2 koloko, Namwino atagwira bambo ake pachigongono. Denga linali lafulati, la simenti yopaka phula, lokhala ndi thanki ya madzi ndi zingwe zoyanikira zovala. Amakanika anatseka chitseko chachitsulo ndi mpiringidzo, kuopa oledzera. Anakoka mipando itatu n'kuindandalika. Wachinayi anaikapo fulasiki ya tiyi.

Kumwamba kunali mbee. Mwezi unali utalowa. Kamera inayamba ntchito yake: kutsegula diso, kudikira, kutseka. Kutsegula, kudikira, kutseka.

Nyenyezi yoyamba inadutsa cha kumpoto, kamzere koyera, n'kuzima.

"Iyo!" anakuwa Amakanika.

Ajambuli anatembenuza mutu. Kunali kutada kale.

"Iyo ina, ababa! Kumanzere!"

"Ndaiona," anatero. "Yokongola."

Namwino anawayang'ana. Nkhope yawo inali italoza kwina. Anadziwa kuti akunama, ndipo akunama chifukwa cha iye, kuti mtima usamupweteke. Zinadutsa khumi. Zinadutsa makumi awiri. Nthawi iliyonse mutu wa nkhalamba unkafika mochedwa, ndipo nthawi iliyonse ankati ndaiona. Amakanika anasiya kukuwa. Tiyi anazizira m'makapu.

Kenaka chitseko chinalira.

Go. Go.

Kugogoda kwake kunali kofooka, ngati kwa munthu wogogoda ndi chala chimodzi. Anayang'anana.

"Mlonda," ananong'ona Amakanika.

"Mlonda amagogoda ndi chibonga," anatero Ajambuli.

Go. Go.

Amakanika anatola sipanala m'thumba la jekete, n'kupita kukasolola mpiringidzo. Pakhomo panaima mkazi, wa zaka ngati makumi atatu, atavala diresi yogonera yoyera. Analibe nsapato. Analibe chofunda.

"Pepani," anatero. Mawu ake anali osasa, ngati chitseko chimene chakhala nthawi yaitali osatsegulidwa. "Ndamva mipando ikukhukhuluzika pamwamba panga. Ndingakhale nawo?"

Munthu wopempha mwaulemu chotero ungamubweze bwanji? Namwino anachotsa fulasiki pampando wachinayi. Amakanika anabwezera mpiringidzo.

Mkaziyo anayenda kudza pampandopo mosamala, phazi limodzi, kenaka linzake, ngati mwana woyesa nsapato za amayi ake. Pankhope pake panali kumwetulira kwa munthu amene kuyendako kukumukomera. Namwino anali atagwira ntchito m'mawodi zaka khumi ndi zisanu, ndipo maso ake anayamba okha kuwerenga. Miyendo yowonda kwambiri. Tsitsi lophwatalala kunkhongo. Ndipo fungo. Ankalidziwa fungo limenelo: mafuta amene amapaka odwala ogona nthawi yaitali kuti asatuluke zilonda.

"Mumakhala m'nyumba muno?" anafunsa.

"Pansi pomwepa."

"Sindinakuonenipo."

"Sindituluka."

Namwino anavula juzi yake ya kuntchito n'kumufunditsa. Pomukonzera mkono wa juziyo, zala zake zinagwera pamtsempha, mwachizolowezi. Khungu linali lozizira. Mtima unkagunda, inde, koma pang'onopang'ono, mwakuya, ngati wa munthu amene ali m'tulo tofa nato.

Nyenyezi ina inathothoka. "Ndaiona," anatero Ajambuli.

"Simunaione, agogo," anatero mlendoyo mofatsa.

Ajambuli anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wogwidwa.

"Wandigwira, mwanawe. Chiyambire sindinaonepo ngakhale imodzi."

Mkaziyo anasendeza mpando wake. Anatambasula dzanja, n'kugwira chibwano cha nkhalamba ndi zala ziwiri, n'kuchitembenuzira cha kum'mawa, pamwamba pa thanki.

"Apa. Musasunthe. Dikirani."

Panalibe kanthu. Mdima ndi nyenyezi zokhazikika basi. Namwino anamva kamera ikutseka, n'kutsegulanso. Galu anauwa kutali.

Ndiye inabwera. Pamalo pomwepo. Yaikulu, yobiriwira kumutu, ikukoka mchira wautali umene unatsala ukufuka kumwamba ngati utsi. Denga lonse linawala, mpaka zingwe zoyanikira zinaponya zithunzithunzi pansi.

"Mayo!" Ajambuli anadzuka theka pampando. "Mayo ine! Ndaiona! Iwe, ndaiona!"

Ulendo uno mawu awo anali ena. Namwino anagwira pakamwa. Misozi inangotsika yokha.

"Ina ikubwera," anatero mkaziyo. Anatembenuzanso chibwano chija, cha kumwera. "Apa."

Inabwera.

"Apa."

Inabweranso.

Amakanika anali atabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda thanki. Sipanala inali ikadali m'manja.

"Achemwali," anatero, "mukudziwa bwanji?"

"Zimayamba zalira," anayankha, maso ali kumwamba. "Kaphokoso kakang'ono, ngati ulusi ukuduka. Ukakhala chete nthawi yaitali umayamba kuzimva."

Anakhala choncho, anthu anayi, mutu wa nkhalamba ukuyendetsedwa ndi zala ziwiri zozizira. Ajambuli ankawerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Anafika makumi atatu ndi zinayi. Mantha a Namwino sanathe, koma anakhala pambali, ngati mlendo wodikira kuti eni nyumba amalize kudya.

Kum'mawa kutayamba kutuwa, mkaziyo anachotsa dzanja lake.

"Ndipite," anatero. "Amayi adzuka posachedwa kudzanditembenuza."

Mawu amenewo anamulowa Namwino ngati madzi ozizira kumsana. Kutembenuza. Ndi ntchito imene iye ankagwira tsiku ndi tsiku, maola awiri aliwonse, kwa anthu amene sangathe kudzitembenuza okha.

"Zikomo, mwanangu," anatero Ajambuli, akufufuza dzanja lake kuti aligwire. "Ubwerenso."

Mkaziyo anadzuka, n'kuyenda mayendedwe ake aja kuzungulira thanki, kulowera kuchitseko. Anadikira kumva chitsulo chikulira. Sichinalire. Amakanika anayatsa tochi n'kuzungulira thanki mbali zonse ziwiri. Anasuzumira pansi, kumsewu. Kunalibe munthu. Mpiringidzo unali m'malo mwake, wotseka, monga anausiyira.

Analongedza katundu wawo.

Potsika, pakhomo loyamba kuchokera kudenga, anapeza mayi wachikulire ataima, chitseko chili pululu. Namwino ankangomudziwa ngati Atelala, chifukwa makina awo osokera ankamveka m'masitepe masana onse. Moni ankapatsana, koma m'nyumba mwawo anali asanalowemo. M'manja mwawo munali juzi. Pachifuwa pa juziyo pankalendewera kawotchi ka Namwino kowerengera kugunda kwa mtima.

"Anesi," anatero, "juzi iyi si yanu?"

Namwino anauza alamu ake kuti atsike ndi bambo. Iye analowa.

Chipindacho chinali chaching'ono, chaukhondo. Makina osokera pakona, mulu wa nsalu, beseni, botolo la mafuta aja. Zenera linali loyang'ana khoma la nyumba ina. Pabedi panagona mkazi uja. Diresi yomweyo. Tsitsi lomwelo. Maso anali otsegula, oloza kudenga.

"Mwana wanga," anatero Atelala. "Galimoto inamugunda akuchokera kuntchito. Chaka chachinayi chino. Sayenda. Salankhula. Ngakhale supuni sagwira. Chitseko ndimakiya ndekha, kiyi ndimagona naye m'khosi." Anatulutsa chingwe m'bulauzi n'kumuonetsa. "Ndadzuka kuti ndimutembenuze, ndapeza wavala ichi."

Kenaka anakweza bulangete kumiyendo.

Mapazi anali ofewa ngati a khanda, mapazi osaponda pansi. Koma kuphazi kunali kwakuda ndi phula la padenga. Mpendero wa diresi unali wonyowa ndi mame.

Atelala anagwada, n'kugwira Namwino m'miyendo.

"Chonde, anesi. Anthu mukuwadziwa. Akamva, anena kuti mwana wanga amauluka usiku. Atithamangitsa muno. Ndipita naye kuti?"

Namwino anawadzutsa. Manja ake ankadziwa chochita.

"Amayi, tenthetsani madzi."

Anasambitsa mapaziwo awiriwiri, wina phazi ili, wina ilo. Phula linavuta kuchoka. Namwino anapukuta chala chimodzichimodzi, n'kupaka mafuta. Atamaliza anawerama pafupi ndi khutu la wodwalayo.

"Bambo anga aona makumi atatu ndi zinayi," ananong'ona. "Zikomo."

Maso aja sanasunthe. Koma Atelala amalumbira mpaka lero kuti mpweya wa mwana wawo unasintha, unatuluka wautali, ngati wa munthu amene watula katundu.

Masana anayang'ana zithunzi pakompyuta. Zinatuluka bwino kuposa zaka zonse. Pa chithunzi cha nyenyezi yobiriwira ija, m'munsi mwake, munkaoneka mitu yawo yakuda: Amakanika, Namwino, ndi Ajambuli chibwano chili m'mwamba. Mpando wachinayi unali wopanda munthu.

"Kamera ikatsegula nthawi yaitali, munthu woyendayenda saoneka," anatero Amakanika, ngati akudzitonthoza. "Si choncho, apongozi?"

"N'zoona," anatero Ajambuli. "Koma uja sanasunthe."

Namwino anawapempha onse awiri kuti atseke pakamwa. Amakanika anauza mkazi wawo yekha. Mkazi wawo anauza mnzake mmodzi yekha. Pofika Loweruka, nkhani inali itakwera ndi kutsika masitepe onse. Ena ankati Atelala amamutuma mwanayo usiku. Ena ankati anesi anatopa ndi ntchito, anaiwala juzi pachingwe, mphepo n'kuilowetsa pazenera. Mayi wina wa pansi anati mzimu wa munthu wogona nthawi yaitali umatopa, umafuna kuwongola miyendo, ndipo palibe tchimo pamenepo. Panali amene anayamba kudutsa pakhomo la Atelala mothamanga, ana awo atawagwira dzanja.

Ajambuli anamva zonsezi. Madzulo ena anavala jekete yawo ya maukwati, n'kuuza mwana wawo kuti awakweze masitepe pa nthawi imene anthu onse amakhala panja. Anagogoda kwa Atelala mokweza.

"Odi! Ndabwera kudzaona mnzanga!"

Kuyambira tsikulo ankapita madzulo aliwonse. Ankakhala pambali pa bedi, n'kumamufotokozera wodwalayo za maukwati amene anajambula, za mkwati amene anakomoka, za mbuzi imene inalowa m'chithunzi. Atelala ankaseka uku akupalasa makina. Anthu anaona kuti nkhalamba ikulowa ndi kutuluka bwinobwino, manong'onong'o anayamba kuchepa. Sanatheretu.

Mvula isanagwe, maso a Ajambuli anasiyiratu kuona. Sanadandaule. Kamera anapatsa Amakanika. Kudenga sanakwerenso, ndipo kiyi wa kumeneko anakhala pamsomali kukhitchini kwa Namwino, akuchita dzimbiri.

M'mawa wina wozizira, Namwino akuchokera ku ntchito ya usiku, anapeza Atelala akumudikira pamasitepe. Anayang'ana uku ndi uku, n'kumukokera pafupi.

"Anesi, usiku wathawu mipando inakhukhuluzikanso pamwamba."



"Inali iwiri," ananong'ona Atelala. "Ndipo wina amawerenga."

Namwino analowa m'nyumba mwake mwakachetechete. Kiyi anali pamsomali. Anaphika tiyi, n'kupita naye kuchipinda kwa bambo ake. Anali asanadzuke, chinthu chimene sichinkachitika. Anagona chagada, pakamwa pali kumwetulira, akupuma pang'onopang'ono. Bulangete linali litawaphimba mpaka kumapazi.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, kapu ikufuka m'manja. Kenaka anaika tiyi patebulo, n'kukokera bulangete lija pansi pang'ono kuti mapazi afundike bwino, osayang'ana kuphazi kwawo, n'kutuluka osawadzutsa.