Makhoti Obwerera Ali Ofunda

Choyamba chimene a Kadzidzi anaona sichinali choopsa kwenikweni. Makhoti oyera amene alendo amavala poyendera fakitale, omwe ankakolekedwa pakhonde la kanyumba ka pageti, anasowa pakati pa usiku, ndipo mbandakucha anapezeka pa misomali yake yomweyo. Atagwira limodzi analimva lofunda m'khwapa, ngati kuti munthu wangolivula kumene.

A Kadzidzi anali mlonda wausiku pa fakitale yoluka mabulangeteyo kuyambira kale, ndipo sanali munthu wokometsera nkhani. Anayamba aganiza za ochapa, koma ochapa sagwira ntchito usiku, komanso sabweza chovala chili ndi thukuta. M'mawa anadikira Mayi Timbale pageti n'kuwanong'oneza zimene anaonazo.

Mayi Timbale ndiwo anali mkulu woona za antchito ndi chitetezo. Dzinalo linachokera ku zotseka m'makutu, zija zooneka ngati timbale tiwiri tolumikizidwa ndi lamba wa pamutu. Atangofika pafakitalepo anapeza oluka akale onse akumva movutikira, akulankhulana ndi manja ndi milomo chifukwa cha phokoso la makina. Analimbana ndi mabwana mpaka timbaleto tinagulidwa, kenaka n'kulimbananso ndi antchito kuti azitivala. Imeneyo ndiyo nkhani yoyamba imene iwo ndi a Tcheya a bungwe la antchito anagwirizana popanda wina kumenya tebulo. Pofika nthawi ya nkhani inoyi, chitseko chilichonse chokhala ndi chithunzi cha timbale munthu sankachidutsa makutu ali pamtunda. Akanatha kuiwala nsapato, koma osati timbale.

Sabata imeneyo pafakitale panali chimwemwe. Loweruka chinali kukwana chaka chathunthu popanda munthu kuvulala, ngakhale kudulidwa chikhadabo, ndipo kunakonzedwa phwando. Anthu ankayenda mosamala moseketsa. Wina akapunthwa pang'ono, anzake ankamuuza kuti ngati akufuna kugwa adikire Lolemba. Choncho Mayi Timbale anamvetsera a Kadzidzi akumwetulira, n'kuwapempha kuti apitirize kuyang'anitsitsa koma za makhotizo asauze munthu.

Usiku wotsatira kunabwera mawu.

Belu lopumira litalira, makina oluka anazima limodzi, ndipo kunagwa bata lija limene limalemera m'makutu. Chimene chinatsala ndi kung'ung'udza kwa fani yaikulu yokoka fumbi la thonje, imene sizimitsidwa. Azimayi a kopakira mabulangete anali atangothira tiyi m'makapu. Pamwamba pawo pankadutsa paipi yaikulu ya mphepo, yakuda ndi fumbi, yolowera mumdima wa kudenga kumene magetsi safika. Mmenemo ndimo munatuluka mawuwo. Anayamba pansi, ngati ng'ombe yolira kutali. Kenaka pamwamba pake panakwera kena kopyapyala, konjenjemera, ndipo ena anatsatira, aliwonse ndi njira yawo, osagwirizana, osadikirana. Anakwera pamodzi mpaka pena pake, n'kuduka mwadzidzidzi. Kunali zii kwa kanthawi, ndipo anayambiranso pamalo omwe aja.

Tiyi anazizira m'makapu. A Kadzidzi anawamva ali kuseri kwa nyumba, pamene paipiyo imatulukira kunja, ndipo atabwerera kugeti anapeza misomali ili yokhayokha.

Pofika masana nkhani inali itamera mapiko. Ena ankati ndi munthu amene anafera m'makina kalekale, ngakhale panalibe wodziwa dzina lake, ndipo zoona zake n'zakuti m'nyumbamo simunaferepo munthu. Ena ankati ndi amphaka. Makaniko anakwera kukaona fani, anaithira mafuta, n'kutsika akunena kuti chitsulo sichilira chotero.

A Tcheya anafika ku ofesi ya Mayi Timbale atamanga batani la pakhosi, monga ankachitira pa nkhani zazikulu. Anali munthu wathupi, woluka wakale, ndipo akamati akunong'ona ankamveka mpaka kukantini. Anati bungwe likufuna kuti nkhaniyi ifufuzidwe, chifukwa chitetezo sichithera pa zala zokha.

"Chimene chikundiopsa ine, Mayi, ndi ichi," anatero akuwerama. "Ine ndi anzanga oluka timapumira mbali yomweyo, koma sitimva kanthu. Chinthu chanji chosankha makutu?"

Usiku umenewo a Kadzidzi sanapite kozungulira. Anakhala pampando moyang'anizana ndi makhotiwo mpaka kucha. Makhoti sanasunthe, ndipo paipi sinalire. Zimenezi zinawazizira kuposa kulira komwe, chifukwa zinaoneka ngati chinthucho chikudziwa pamene iwo ali. Mawa lake anazungulira monga mwa nthawi zonse, ndipo zonse zinabwerera, mawu aja atakula kuposa kale. Azimayi ena a kopakira anayamba kupempha kuti awasinthire ku shifiti ya masana.

Apa mpamene bwana wamkulu analowererapo. Sanali munthu woipa, koma Loweruka kunali kubwera eni ake a fakitale, ndipo sankafuna kuti adzapeze antchito akunena za mizimu. Mayi Timbale atamufotokozera zonse, za makhoti zomwe, iye anaganiza msanga: mlonda woona zovala zikuyenda zokha ndiye kuti akumwa pantchito, ndipo mantha onsewa ayambira kwa iye. Anati likafika Lachisanu popanda yankho lina, a Kadzidzi achotsedwe.

Mayi Timbale anawauza okha nkhaniyo, chifukwa sankakonda kuti munthu amve za ntchito yake kudzera m'mphepo. Mkuluyo anapotokola chipewa chake.

"Kuchoka ndingachoke, Mayi, ndakalamba," anatero. "Koma osati ndi dzina la chidakwa. Mowa sindinaulaweko chibadwire. Adzukulu anga ndikawauza kuti chiyani?"

Lachinayi madzulo Mayi Timbale anavala nsapato zantchito kunyumba kwawo. Amuna awo, omwe anali telala, anawathirira tiyi m'fulasiki akuyesa kubisa nkhawa ndi nthabwala. Anati akaupeza mzimuwo ayambe aufunsa ngati uli membala wa bungwe, apo ayi a Tcheya sadzaulankhulira. Mayiwo anaseka, koma fulasikiyo anaiiwala patebulo.

Analowera khomo la magalimoto kuti asaoneke, n'kukhala kuseri kwa milu ya mabulangete. Belu litalira, a Kadzidzi anamaliza kuzungulira kwawo n'kudzawapeza. Sanadikire nthawi yaitali. Mawuwo anatsika kudenga pang'onopang'ono, ndipo Mayi Timbale, amene tsiku lonse ankauza anthu kuti chilichonse chili ndi chifukwa chake, anamva tsitsi likuwaima. Panali chinachake cha umunthu m'kulirako, ndipo chimenecho ndicho chinali choopsa.

"Tiitsate paipiyi," ananong'ona.

Anayenda tochi italoza kudenga. Anadutsa pakati pa makina oluka ali duu mumdima, ulusi utalendewera ngati ndevu, fungo la mafuta ndi thonje lili tho. Fumbi linkayandama m'kuwala kwa tochi. Paipi inakhota, iwo n'kukhota nayo, kulowa m'kanjira kopapatiza kopita ku chipinda cha fani, kumene anthu sapitapita. Mawu aja tsopano ankamveka m'chifuwa. Pansi pa chitseko chachitsulo pankatuluka kamzere ka kuwala, ndipo pachitsekopo panali chithunzi cha timbale.

Mwa chizolowezi, Mayi Timbale anakweza timbale tawo kuchoka pakhosi n'kutseka makutu. Kulira kuja kunazimiririka, kunangotsala kunjenjemera kwa fani pansi pa mapazi. Anaima. Anativula, kulira kunabwerera. Anayang'ana a Kadzidzi, n'kuyang'ananso chithunzi chija, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni pafakitalepo anakankha chitseko chotero makutu ali pamtunda.

M'katimo munali anthu ovala zoyera ataima mizere iwiri, mapewa atagundana, maso ali otseka, kukamwa kuli yasa. Aliyense anali atavala timbale. Kutsogolo kwawo, atafulatira chitseko, kunali munthu wathupi amene khoti lake silinafike pomangika, akugwedeza sipanala m'mwamba ndi mtima wake wonse.

Palibe anawamva akulowa. Mayi Timbale anayenda mpaka kumbuyo kwa a Tcheya, n'kuwagwira paphewa. Mkuluyo anadumpha, sipanala inatsala pang'ono kugwa. Asanalankhule kanthu, mayiwo anakweza kambale kamodzi kuchoka pakhutu lawo n'kukagwira choncho.

A Tcheya anamvetsera. Oimba aja, maso ali chitsekere, anali kukwera pa malo aja amene ankadukira nthawi zonse. Nkhope ya mkuluyo inasintha pang'onopang'ono.

"Ndife amenewa?" anafunsa, ndipo ulendo uno ananong'onadi.

Zonse zinamveka atatuluka panja pa chitseko. Oluka a shifiti yausiku anapeka nyimbo yoti adzawaimbire Mayi Timbale pa phwando, mwachinsinsi. Anasankha chipinda cha fani poganiza kuti phokoso lake liwabisa, osaganizira kumene paipi imapita. Pachitseko panali chithunzi, ndiye anavala timbale. Palibe ndi mmodzi yemwe amene zinamubwerera zoti angativule. Aliyense ankangomva mawu ake okha m'mutu mwake, ndipo aliyense ankakhutira nawo. Makhotiwo ankawabwereka mlonda akapita kozungulira, chifukwa wina anati kwaya yopanda yunifolomu ndi gulu chabe la anthu. Ndipo atamva mbiri ya mzimu uja anachita mantha ngati wina aliyense, n'kuyamba kuimba mokweza kuti alimbe mtima.

Mayi Timbale anaseka mpaka kutsamira khoma. A Kadzidzi sanaseke msanga. A Tcheya atamva kuti mkuluyo anatsala pang'ono kuchotsedwa chifukwa cha makhotiwo, anavula lawo, analipinda bwinobwino, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Achimwene, takulakwirani. Kwa bwana ndikalankhula ndine."

M'mawa anapitadi, kwaya yonse ili pambuyo. Bwana wamkulu anamvetsera mokayika, n'kunena kuti nkhani yotero ndi yovuta kuikhulupirira. A Tcheya sanatsutse. Anangouza anthu awo kuti avale timbale, n'kukweza sipanala. Mzere woyamba usanathe bwanayo anali atakweza manja onse awiri, ndipo tsiku lomwelo anayenda wapansi mpaka kugeti kukapepesa a Kadzidzi pamaso pa anthu.

Loweruka kwayayo inaima kutsogolo kwa antchito onse ndi mabanja awo, makhoti atachapidwa, makutu ali pamtunda. Kunena zoona, sinaimbe mokoma kwambiri, koma inali nyimbo, ndipo mawu ake ankamveka. Inkanena za zala zimene zapita kunyumba zonse khumi, ndi za agogo amene adzamve adzukulu awo akuwaitana. Mayi Timbale anapukuta maso ndi mpango umene amuna awo anawapatsira, uku akuseka.

Anthu anaomba m'manja n'kupempha kuti ibwerezedwe. A Kadzidzi anali pa mzere wakutsogolo, yunifolomu itasitidwa, mdzukulu ali pamwendo. A Tcheya atakwezanso sipanala, a Kadzidzi anapisa dzanja pansi pa mpando mosafulumira, anatulutsa timbale, n'kumuveka mwanayo.

"Makutu awa ndi atsopano," anauza Mayi Timbale. "Tiwasamale."