Ndege za Pitala

Nkhuni zinali zaziwisi, machesi anali atatsala pang'ono kutha, ndipo Pitala anali atagona chafufumimba pamchenga n'kumalira ngati wina wamutsina. Amayi awo anali atangokwera kabaza kupita kumsika wa ku Salima ndi dengu la utaka wowamba, ndipo mwanayo, wa zaka zitatu zokha, ankafuna kupita nawo. Mchemwali wake, Eveles, anayang'ana nsomba zimene zinkadikira moto pawaya, kenako anayang'ana mlongo wakeyo, n'kupukusa mutu.

"Iwe Pitala, ukapitiriza kulira chonchi nyanja idzaza, tisowa pokhala," anatero.

Pitala anawonjezera mawu.

Bambo awo, a Fanuel, anali ku Mbenji, kuchilumba kumene asodzi amatha miyezi osaponda kumudzi. Nsomba ankatumiza pa boti, amayi n'kumakagulitsa. Tsono pa tchuthi ngati ichi, ntchito yowamba ndi yolera mwana zonse zinkagwera Eveles, mtsikana wa Fomu 1. Iye sankadandaula. Ankamukonda Pitala koopsa, moti anthu a m'mudzi wawo, pafupi ndi Senga Bay, anasiya kumutchula dzina n'kumangoti "amake Pitala." Akamva zimenezo ankachita ngati wakwiya, koma mumtima ankasangalala.

Nkhuni zaziwisi zinalibe mphamvu pa Eveles, chifukwa anali ndi nzeru yake. Kusukulu aphunzitsi anawauza kuti azitola zinyalala m'mbali mwa nyanja, ndipo iye ankatoladi mokhulupirika: majumbo, mabotolo a pulasitiki, mapatapata oduka, zidutswa za ukonde wakutha. Chimene aphunzitsi sanadziwe n'chakuti zonsezo zinkathera mu uvuni wa mgolo umene unali pafupi ndi khonde la nyumba yawo. Jumbo imodzi pansi pa nkhuni, moto unkangoti lawilawi. Gombe likuyera, moto ukuyaka, nsomba zikupsa. Nanga cholakwa chinali pati?

Tsiku limenelo moto utayaka, Pitala anali akulirabe. Eveles anatenga kamtengo, anakulungako jumbo, n'kuyatsa. Pulasitikiyo inayamba kusungunuka, madontho a moto n'kumagwa pansi akulira kuti vyuu, vyuu. Pitala anadzutsa mutu. Misozi idakali m'masaya, anayamba kuseka.

"Ndege! Achemwali, ndege!"

"Eya, ndege yako imeneyo. Ikupita ku Mbenji kukapereka moni kwa ababa."

Kuyambira pamenepo ndege inasanduka mankhwala a chilichonse. Pitala akagwa, ndege. Akakana kusamba, ndege. Akakumbuka amayi, ndege. Ankaima pafupi kwambiri, kukamwa kuli yasa, utsi wakuda uja n'kumamuzungulira kumaso, ndipo kuseka kwake kunkamveka mpaka kumathandala oyanikira usipa. Eveles akamva kuseka kumeneko ankaiwala kutopa konse.

Chifuwa chinayamba mwakachetechete. Poyamba kunali kutsokomola kwa apo ndi apo, kenako Pitala akathamanga pang'ono ankaima n'kugwira maondo ngati nkhalamba. Amayi atabwera kumsika anamugwira pamphumi, n'kupeza thupi silikutentha.

"Ndi mwera uwu," anatero amayi, nawonso akutsokomola monga ankachitira chaka chonse. "Mphepo ya chaka chino yalusa. Uzimuveka juzi, ndipo asamapite kunyanja. Azikhala pafupi ndi moto kuti azimva kutentha."

Eveles anamvera ndi mtima wonse. Anayala mphasa pafupi ndi uvuni penipeni. Akamatembenuza nsomba ankamubereka Pitala kumbuyo, n'kumawerama naye mu utsi momwemo, akumuimbira nyimbo. Mwana wofundidwa bwino ngati ameneyo m'mudzimo munalibe.

Mnzake wa Eveles wa nyumba yoyandikana, Salma, anabwera tsiku lina atatseka mphuno ndi mpango wake.

"Iwe Eveles, kodi ukuwamba nsomba kapena matayala? Amayi akuti zovala zathu pachingwe zikununkha utsi wako. Ine ndemwe pakhosi pakundikanda, nanga mwanayu?"

"Mwanayu ndi wa kunyanja, si wa m'tauni ngati mphuno yakoyo," anayankha Eveles akuseka. "Tonsefe tinakulira mu utsi. Wafa ndani?"

"Utsi wa nkhuni ndi umenewo, koma wakowu ndi wina," anatero Salma. Anasisita Pitala kumutu n'kubwerera kwawo. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la Eveles tsiku limenelo linali lolimba.

Patapita masiku, azakhali awo a ku Lifuwu anabwera kudzatenga nsomba, ndipo pobwerera anamutenga Pitala kuti akacheze ndi ana awo. Kwa Eveles nyumba inakula. Ankadzidzimuka akufuna kumanga chitenje kumbuyo, n'kukumbuka kuti wobereka palibe. Pofuna kudzitonthoza, anayamba kusunga zinthu zabwino zimene ankatola kugombe. Anapeza patapata lalikulu lobiriwira, analikulunga ndi ukonde wakutha ndi majumbo amitundumitundu, n'kulibisa kuseri kwa nkhuni. Imeneyo inali ndege yolandirira mlendo.

Patapita milungu ingapo, Pitala anabwerako masaya atadzaza, akuthamanga osaima, chifuwa chitatheratu.

"Mpunga wa azakhali ako ndi mankhwala," anatero amayi mokondwa, akunyamula dengu lawo kupita kumsika.

Amayi atangokhota, Eveles anatulutsa chuma chake chija. Ndege imeneyo inayaka kuposa zonse. Moto wake unali wobiriwira m'mbali, madontho ankagwa motsatizana, ndipo utsi unali wakuda bii, wonunkha mpaka kuwawa m'maso. Pitala anavina, anawomba m'manja, anaseka mpaka kugwa pansi. Kusekako kunasanduka kutsokomola. Eveles anadikira kuti kuthe, koma sikunathe.

"Pitala, tadzuka. Imwa madzi."

Mwanayo sanathe kumwa. Anakhala tsonga, mapewa akukwera ndi kutsika, khungu la pakati pa nthiti likulowa m'kati akamakoka mpweya. M'chifuwa mwake munkamveka kalikhweru kakang'ono. Anayang'ana mchemwali wake, anatsegula pakamwa kuti alire, koma mawu sanatuluke. Milomo inayamba kutuwa. Pa moyo wake wonse Eveles anali asanachitepo mantha ngati amenewo.

"Salma! Salma, thamanga, kaitane njinga yamoto!"

Panjira yonse yopita kuchipatala Eveles anamukumbatira Pitala pachifuwa, akumulankhula m'khutu. Anamulonjeza mandasi, anamulonjeza kupita ku Mbenji, anamulonjeza ndege zambirimbiri. Mwanayo ankangomuyang'ana, kalikhweru kaja kakulirabe.

Kuchipatala namwino wina wachikulire, mayi Perpetua, atangomva kapumidwe kake anamulanda mwanayo osafunsa zambiri. Anamuveka kachipangizo kophimba mphuno ndi pakamwa, kotulutsa mankhwala ngati nthunzi. Eveles anaima pakhomo, chitenje choberekera chili m'manja. Patapita nthawi, mapewa a Pitala anayamba kutsika, ndipo anagona tulo. Apo n'kuti amayi atafika, thukuta lili kamukamu, dengu atalisiya kumsika m'manja mwa anzawo.

Mayi Perpetua anatenga thonje, anapukuta m'mphuno mwa mwanayo, n'kuwaonetsa. Thonjelo linali lakuda. Kenako anatenga chitenje chija m'manja mwa Eveles n'kuchinunkhiza.

"Amabereka mwanayu ndani?"

"Ndine," anayankha Eveles.

"Utsi wa nsomba ndikuudziwa, ndakhala kunyanja kuno zaka zambiri. Koma muno muli fungo linanso. Mumawotcha chiyani kwanu, mwanangu?"

Eveles anafotokoza zonse: majumbo, mapatapata, ukonde, mphasa ya pafupi ndi uvuni, mpaka ndege. Pofika pa ndege anakumbuka masaya a Pitala pobwera ku Lifuwu, kumene kunalibe uvuni, kunalibenso mchemwali womukonda. Sunali mpunga ayi.

Namwinoyo sanakalipe. Anamukhazika pa benchi n'kukhala naye pafupi.

"Tinjira ta mpweya m'chifuwa mwa mwana ngati uyu n'tating'ono ngati udzu," anatero. "Utsi ukalowa, timatupa n'kutsekeka. Ngakhale utsi wa nkhuni umapweteka, wa pulasitiki ndiye uli ndi poizoni. Mlongo wako ali ndi mphumu, ndipo utsi ndi umene ukuidzutsa. Lero mwafika msanga. Tsiku lina njinga idzachedwa."

"Ndine ndinati azikhala pafupi ndi moto," anatero amayi motsitsa mawu. "Ndinkati ndi mphepo." Atatero anatsokomola, ndipo mayi Perpetua anawayang'ana m'mbali.

"Inunso mayi, chifuwa chimenecho si cha mwera. Musachoke ndisanakuyezeni."

Eveles analira mwakachetechete, nkhope ataibisa m'chitenje chonunkha chija. Amayi anamukokera pachifuwa pawo.

"Usalire, amake Pitala. Tonse tinkati tikumusamala."

Atatuluka m'chipatala ndi mankhwala opopera m'kamwa, pakhomo panasintha. Eveles ndi Salma anagubuduza mgolo uja mpaka kuseri kwa mtengo wa mango, kutali ndi nyumba, mbali imene mphepo imapititsa utsi kutchire. Nkhuni anayamba kuziwaza n'kuziyanika padzuwa zisanafunike, ndipo moto ankakolezera udzu wouma ndi zitsononkho. Unkachedwa kuyaka, Eveles n'kumang'ung'udza, koma unkayaka ndithu. Zotola za kugombe ankazithira m'thumba n'kukazisiya kusukulu. Nthawi yowamba, Pitala ankakasewera pakhonde la kwa a Salma, ndipo Salma, mwa ulemu wake, sananene n'kamodzi komwe kuti "ndinakuuza." Ankangotseka mphuno mwachipongwe akakumana ndi mnzakeyo, onse n'kuseka.

Chovuta chinatsala chimodzi. Tsiku lina masana, Pitala, atachira bwino, anabwera akukoka jumbo yofiira imene anatola kumpanda. M'dzanja lina anali ndi kamtengo. Anaziika pamiyendo pa mchemwali wake n'kumwetulira kumwetulira kuja kumene Eveles anali asanakukanizepo kanthu.

"Achemwali, ndege."

Eveles anatenga phesi la chimanga, analibaya ndi timitengo, anaikako mapiko a tsamba la mango, n'kuliulutsa m'mwamba akuliza ndi pakamwa kuti vyuu, vyuu. Pitala analiyang'ana phesilo ngati munthu amene wapatsidwa madzi atapempha tiyi. Analilanda n'kuliponya kutali.

"Ya moto! Ndikufuna ya moto!"

"Ya moto inapita ku Mbenji, sibweranso."

"Munanena! Munanena pa njinga!"

Zinali zoona, analonjezadi. Amayi, amene ankasankha nsomba pakhonde, anadzutsa mutu. Nthawi zonse Pitala akavuta, iwo ankakonda kunena kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Tsiku limenelo anayang'ana ana awo awiriwo, n'kubweza maso ku nsomba zawo.

"Ayi, Pitala," anatero Eveles. Anatenga jumbo ija n'kuiika m'thumba la zinyalala.

Pitala anaponda pansi ndi mapazi onse awiri. "Ndinu oipa! Sindikufunaninso! Ndikufuna a Salma!"

Mawu amenewo anamulasa Eveles pamtima. Mwana amene anamubereka mpaka msana kuwawa, lero akuti sakumufuna. Dzanja lake linafika pathumba lija lokha. Machesi anali pomwepo pawindo. Kamodzi kokha, kakang'ono, ataima patali, kangapweteke ndani?

Pamenepo Pitala anadzigwetsa pamchenga, anakoka mpweya wodzaza chifuwa chonse, n'kuyamba kulira. Kunali kulira kwa mwana wokwiya, kwautali, kwamphamvu, kosadukiza. Nkhuku zinabalalika. Salma anasuzumira pampanda. Eveles anaima chilili, dzanja lili pathumba, akumvetsera. Anadikira kalikhweru kaja. Anadikira kutsokomola. Kunalibe. Mpweya unkalowa wonse n'kutuluka wonse, ndipo phokoso lake linkafika mpaka kumathandala.

Anachotsa dzanja pathumba, anakhala pansi pamchenga pafupi ndi mlongo wake, misozi ikutsika koma akuseka.

"Mutontholetse, kodi sukumumva?" anatero amayi.

"Ndikumumva, amayi," anayankha Eveles. "Musiyeni alire. Tamvani mmene akulirira bwino."