Foni Inafundula pa Chinkhoswe

Foni ya a Simeon Kamanga inafundula Loweruka masana, pakati pa chinkhoswe cha mwana wawo Temwa, anthu onse akuona.

Unali mwezi wa Ogasiti, dzuwa litayamba kuluma. A Kamanga, mlimi wa fodya wodziwika pa Kamphambe, anali atakwera pa mpando, mkono uli m'mwamba, akujambula akuchimuna akupereka tambala. Foniyo inali ya mtundu wa Orivo. Inkanyezimira ngati golide. Kumbuyo kwake kunali chizindikiro cha nyenyezi ndi maso atatu a kamera. Ngakhale mwana ankadziwa kuti Orivo ndi foni ya mabwana a m'tauni.

Kenaka kunangomveka kuti phwa! Chikuto cha golide chija chinamatuka n'kugwera m'beseni la perekaniperekani. M'manja mwa a Kamanga munatsala kafoni kakuda, ka diso limodzi. Maso ena awiri aja anagubuduka pa mkeka. Anali mabatani a malaya.

Asewere awo a Kamanga, bambo a mnyamata, anatola batani limodzi n'kuliyang'anitsitsa.

"Asewere," anatero, "foni yanuyi ndi mtundu wa njoka? Taonani yafundula."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Temwa naye anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Amene sanaseke anali mmodzi yekha, mayi Feliya, akazi awo a Kamanga. Ankadziwa kumene kunachokera ndalama ya foniyo. Inali ya feteleza wa chaka chamawa.

Lolemba m'mawa awiriwo anafika pa polisi ya Kamphambe, mayi ali patsogolo, bambo m'mbuyo. Anawalandira ndi Sajeni Ezelina Zimba, mayi wamfupi wosachedwa kuseka, ndi mnzake Konstabo Yobu Mwale, wamtali ngati mlongoti. Mayi Feliya anamasula kampango n'kuyala kafoniko, chikuto ndi mabatani patebulo.

Sajeni Zimba analuma mlomo kuti asaseke.

"Munagula kwa ndani, bambo?"

"Kwa bwana wina, dzina lake Chancy," anayankha a Kamanga, maso ali pansi. "Anabwera tsiku la msika pa Santhe, ine nditangochoka kugulitsa fodya ku okushoni. Galimoto yoyera, tenti, zimkuzamawu. Suti ya buluu. Anati ndi nthumwi ya kampani ya Orivo."

"Ndiye inu munangokhulupirira?"

"Mukanamumva, mayi! Munthu uja ali ndi pakamwa. Anatiuza kuti ku Lilongwe foni imeneyi ili pa mamiliyoni awiri. Koma akuti kuipanga ku fakitale sikufika ngakhale theka la ndalama imeneyo. Zotsalazo munthu umalipira dzina. Umalipira malonda a pa kanema, lendi ya shopu ya magalasi, ndi mtsikana wokumwetulira pakhomo. Akuti nyenyezi yokhayo ndi yodula kuposa zonse zili m'katimo."

"Pamenepo sananame kwenikweni," anatero Sajeni Zimba. "Wabodza wochenjera amathirako choonadi pang'ono, ngati mchere m'ndiwo."

"Ndiye anati iye wadumpha onsewo, akutibweretsera ife alimi molunjika. K900,000 basi. Ife nkhani imeneyo timaimva, mayi. Fodya wathu amachoka kuno motchipa, akafika kunja ndi wodula. Ndinati lero nane ndidye apakati."

"Akudyani ndinu," anadula mayi Feliya.

"Mayi a Temwa, pano ndi pa boma."

"Boma lidziwe!"

Konstabo Mwale anafunsa ngati panali ena amene anagula. A Kamanga anatchula mkulu wa mpingo, mwini chigayo, ndi alimi ena angapo. Apolisiwo anakwera njinga yamoto n'kuyamba kuwayendera.

Ntchito inavuta pamenepo. Palibe amene ankafuna kuvomera. Mkulu wa mpingo anati foni yake ili bwinobwino, koma anaibwereka mlamu wake. Mlimi wina atangoona yunifolomu anakankhira foni m'thumba la chimanga n'kukhalira. Manyazi anali atagwira mudzi wonse. Anthu amene dzulodzulo ankayankha foni mokweza pa msika, lero ankapita kuseri kwa nyumba.

Wa chigayo yekha, a Amosi Chimphepo, ndi amene anagonja. Yawo anali ataimanga ndi mphira wa njinga.

"Ine ndisakubisireni," anatero akupukuta ufa kumaso. "Yangayi inayamba kukana kutchaja. Ndinapita nayo ku Kasungu boma, kwa mkulu wina wokonza mafoni m'kakontena kofiira pafupi ndi depoti. Atangoiona anadzidzimuka. Anaikonza msangamsanga, ndalama anakana. Wokonza mafoni kukana ndalama, munamvapo?"

Sajeni Zimba anayang'ana mnzake.

"Yobu, thira mafuta."

Tsiku lotsatira chakumasana anali ku boma. Kakontena kofiira anakapeza pakati pa chiwaya cha tchipisi ndi shopu ya mbewu. M'katimo munali bambo wa magalasi okhuthala, dzina lake Petros Nkhata, atawerama pa foni yophwasula. Munkanunkha guluu. Konstabo Mwale anasuzumira pansi pa benchi n'kukoka katoni. Munali zikuto za golide zodzaza, ndi kabotolo ka mabatani akuda.

"Izi ndi chiyani, a Nkhata? Mwayamba utelala?" anafunsa Sajeni Zimba.

Petros anavula magalasi n'kuwavalanso.

"Ine ndimangoveka mafoni zovala, bwana. Kuveka munthu suti ndi mlandu?"

"Amakutumani ndani?"

"Makasitomala ndi ambiri. Sindisunga nkhope."

Sajeni Zimba sanakalipe. Anakoka kampando n'kukhala ngati wabwera kudzacheza.

"Chabwino. Tingokamba za bizinesi. Kafoni kam'katiko munthu amapikula zingati?"

"K70,000. Chikuto K8,000."

"Inu amakupatsani zingati mukamata?"

"K5,000 pa foni. Ndinapempha kuti andikwezere, anakana. Akuti iye amagulitsa K120,000, ndiye akachotsa mafuta phindu limatsala lochepa. Akuti tonse tikungovutikira limodzi."

"Yobu, auze."

"K900,000," anatero Konstabo Mwale.

"Katoni yonse?"

"Imodzi."

Petros anakhala kukamwa kuli yasa. Kasikuludiraiva kanagwa m'manja mwake. Anaimirira n'kugunda mutu kudenga la kontena.

"Chancy! Galu ameneyu! Ine zala zonsezi zatha ndi guluu, iye akudya masauzande mazanamazana pa foni imodzi? Sabata yatha anandibwereka ya tchipisi, akuti zinthu sizikuyenda!"

"Nkhope mwaikumbukira tsopano?"

"Ndi nsapato zomwe! Dzina lake ndi Chancy Gondwe. Lachinayi ali pa msika kwa Kaluluma. Wanyamula zatsopano, ndamata ndekha. Mundimange, bwana, palibe vuto. Koma mundiike chitokosi chimodzi ndi iyeyo."

Sajeni Zimba anaimbira apolisi anzake a kwa Kaluluma n'kupangana nawo. Vuto linali limodzi. Chancy akanangoona yunifolomu akanaliyatsa liwiro pa galimoto. Pankafunika wogula, koma Chancy ankaidziwa nkhope ya a Kamanga.

"Ndipita ine," anatero mayi Feliya atamva. "Sanandionepo. Koma lero andiona."

Lachinayi msika wa kwa Kaluluma unadzaza. Kaunjika mbali iyi, mbuzi mbali iyo, njinga za kabaza zili balalabalala. Pakati penipeni panali tenti ndi galimoto yoyera. Chancy anali ataima pa tebulo, suti ya buluu, nsapato zosongoka, maikolofoni ili pakamwa.

"Abale anga alimi, musamadyeredwe masuku pamutu! Ku tauni mukulipira magalasi a shopu! Mukulipira mphepo yozizira ya mu ofesi! Ine ndakuchotserani zonsezo. Zatsala zisanu zokha!"

M'galimoto munali makatoni awiri osatsegula.

Azimayi awiri anadzipanikiza mpaka kutsogolo. Wina anali mayi Feliya, atavala chitenje chatsopano, chikwama chotupa chili m'khwapa. M'chikwamamo munali masamba a chimanga, osati ndalama. Winayo, wa duku lalikulu, anali Sajeni Zimba. Konstabo Mwale anali chapatali atavala chipewa cha mlaza, akunamizira kunenerera mbuzi.

Chancy ataona chikwamacho anatsika pa tebulo.

"Amayi anga! Nkhope yanu ndi ya Orivo yeniyeni. Fodya wayenda bwino chaka chino?"

"Wayenda, mwana wanga. Ndingaigwire?"

"Gwirani, mayi. Mumve kulemera kwa ulemu."

Mayi Feliya anaitembenuza. Zala zawo zinali zozolowera kusankha fodya, zikhadabo zolimba ngati za nkhwazi. Analowetsa chikhadabo m'mphepete n'kukanula. Chikuto chinati phwa! Anakweza kafoni kakuda m'mwamba kuti aliyense aone, kenaka anatola maikolofoni pa tebulo.

"Taonani ulemu wa K900,000! Maso awiriwa ndi mabatani a malaya. Amene malaya ake aduka batani abwere adzatenge!"

Kenaka bambo wina amene anali atangolipira kumene anakanula yake ndi mano. Nayo inafundula.

"Munkhungu!" anakuwa mu Chitumbuka, kutanthauza wakuba. "Mukoleni munkhungu!"

Sajeni Zimba anavula duku.

"Chancy Gondwe, ndife apolisi."

Chancy analumphira ku galimoto, koma pachitseko anapeza Konstabo Mwale atatsamira, makiyi a galimotoyo akuwazunguza pa chala. Anatembenuka, nadumpha mulu wa tomato, nagwetsa tebulo la kaunjika, n'kuliyatsa liwiro kulowera kuminda.

Tsoka lake, fodya anali atathyoledwa kale. Minda ya ku Kasungu nyengo imeneyi ndi mbee, munthu umamuona ali kutali ngati nyerere pa mbale. Suti ya buluu inkaonekera msika wonse ikudumpha mizere. Nsapato imodzi inatsala m'dothi. M'mbuyo mwake munali apolisi, a kabaza, agalu, ndi mayi wina wa tomato atanyamula chibakera m'mwamba.

Kutsogolo kunali mudzi wa zigafa zingapo. Chancy anakhota kuseri kwa nkhokwe n'kuzimirira.

Anthu atafika anamwazikana. Anasuzumira m'khola, m'bafa, ngakhale m'chimbudzi. Palibe. Sajeni Zimba anafika akupuma wefuwefu n'kukweza dzanja.

"Aliyense akhale chete."

Anaima pakhomo pa chigafa chachikulu. Munali fodya wotsiriza woyembekezera kudinda, mulu wofika m'chiuno, wouma kuti gwaa. Mwini chigafa, gogo wina wa ndevu zoyera, anatenga ndodo n'kumenya pamwamba pa muluwo kawiri. Fumbi la fodya linati kobo.

Anadikira.

"Etsi!"

Mulu unagwedezeka.

"Etsi! Etsiii!"

"Moyo, bwana," anatero Konstabo Mwale mwaulemu, akukoka mwendo wopanda nsapato.

Chancy anatuluka maso ali psuu, misozi ndi mamina zili mbwee, masamba a fodya ali m'tsitsi. Anthu ena ankafuna kumuphika makofi, koma kuseka kunawalanda mphamvu. Unyolo unalira m'manja mwake asanamalize kuyetsemula.

M'galimoto ya polisi anayamba kupeza mpweya, ndipo pakamwa pake panabwerera.

"Bwana, mlandu si wanga ndekha," anatero. "Poyamba ndinkagulitsa K150,000. Palibe anagula. Aliyense ankati yotchipa choncho ndi yabodza. Nditakweza kufika K900,000 anayamba kulimbirana, ena mpaka kundigwadira. Anthu safuna foni, bwana. Amafuna mtengo woti akatchule pa mowa. Makampani akuluakulu amachita zomwezo, bwanji iwo simuwamanga?"

"Iwo kamera yawo imajambula," anayankha Sajeni Zimba. "Yako ndi ya pa malaya."

Nkhani itamveka kuti wagwidwa, manyazi anatha pa Kamphambe. Mkulu wa mpingo anatulukira ndi foni yake, akuti mlamu uja wabweza. Wa thumba la chimanga naye anabwera, foni ili mbuu ndi gaga. Pa tebulo la Sajeni Zimba panaunjikana golide wa pulasitiki.

Mlandu unazengedwa ku Kasungu boma, bwalo litadzaza mpaka m'mawindo. Petros anachitira umboni kwa nthawi yaitali moti woweruza anachita kumuletsa. Petrosyo anapatsidwa chilango chogwira ntchito zothandiza anthu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Bwalo linalamula kuti galimoto yoyera igulitsidwe, ndipo ndalama zake, pamodzi ndi zimene anamupeza nazo Chancy, zigawidwe kwa obedwa. Sizinakwane zonse, koma mayi Feliya anawerengetsa chamumtima n'kuona kuti feteleza wokulitsa atheka. Anatsina amuna awo pa ntchafu.

"Ndalama imeneyi ndisunga ndine, bambo a Temwa."

"Palibe wakana," ananong'ona a Kamanga.

Kenaka woweruza, mayi wachikulire wa magalasi pamphuno, anatembenukira kwa Chancy.

"Chancy Gondwe, bwalo lino lakupeza wolakwa pa mlandu wopeza ndalama mwachinyengo. Ukagwira ukaidi wa kalavulagaga kwa zaka zisanu. Uli ndi mawu?"

Chancy anapinda manja, napendeketsa mutu, namwetulira kumwetulira kwake kwa pa msika kuja.

"Bwana, zisanu zachuluka. Tandichotseraniko pang'ono. Bwanji zitatu, tisiyane bwinobwino?"

Woweruza anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, natseka faelo.

"Zisanu, mwana wanga. Mtengo womaliza."