Dzanja la pa Chithunzi Chachinayi

Kamera ija ndinaigula ndine. Mwini wake anayambira pa mtengo wa ngamila, tinasiyana pa mtengo wa mbuzi. Sukulu yake sindinapiteko, koma ndinaimasula mpaka ndinaimvetsa. M'kati mwake muli kagalasi kogawa kuwala panayi: kofiira, kobiriwira, kwabuluu, ndi kwina kumene maso a munthu sakuona. Diso limodzi, zithunzi zinayi. Chachinayicho chimaona tende, chipatso cha kanjedza, akakhala wowola m'kati, makina n'kumuuzira mpweya, kumugwetsa kuchoka pa lamba woyendetsa zipatso.

A Lazhar, eni fakitale yathu kuno ku Kebili, atangoiona anachotsa ntchito amayi onse osankha tende. Azakhali a Chedlia, a chala chopindika, anasankha zaka makumi anayi. Potuluka anangoti galasi silidziwa mphutsi. Anamwalira kukolola kusanathe.

Katundu wathu woyamba anabwezedwa. Mphutsi. A Lazhar anati wachiwiri akabwereranso, ine ndi kamera yanga titulukira khomo limodzi.

Lachinayi madzulo ndinatsala ndekha, kumalizitsa katundu wonyamuka m'mawa. Tiyi pambali, lamba akuyenda. Kenaka pho! Chipatso pansi. Mpweya sunauzire. Kenakanso pho!

Ndinayang'ana pa sikirini. Chofiira, tende yekha. Chobiriwira, tende. Chabuluu, tende. Chachinayi, dzanja. Lowonda, chala chapakati chopindika, likusankha mosapupuluma.

Dzanja la munthu wamoyo limaoneka panayi ponse. Ndinaika langa kuti nditsimikize. Linaoneka panayi. Ndipo china chozizira chinalikankhira pambali, monga amachitira munthu wotanganidwa.

Miyendo inafuna khomo. Ndinaikaniza. Ine sindinathawepo pamsika.

"Azakhali, munachotsedwa ntchito inu. Mukundiwonongera katundu."

Dzanja linaima. Linatola chipatso chonyezimira, chosalakwa, n'kuchigubuduzira kuphazi kwanga. Ndinaching'amba ndi mpeni. Mphutsi. Ndinang'amba zapansi zonse, chimodzichimodzi. Mphutsi zokhazokha.

Ndinapukuta mpeni. Ndinawauza kuti chabwino, koma kamera sichoka: iyo zowola, iwo mphutsi. Lamba ndimuchepetsa liwiro, kampando kawo ndikabweza. Dzanja silinasunthe.

"Ndi anzanu awiri abwerere."

Linatambasula zala zisanu.

"Atatu. Musandione kufatsa."

Zisanu. Lamba anaima yekha. Magetsi anazima onse kupatula sikirini, ndipo dzanja lija linali litasendera kumbali yanga.

Ndatsitsapo mitengo ya anthu ouma mtima m'madoko atatu. Usiku umenewo ndinavomera asanuwo osatsitsako.

Kutacha a Lazhar anandipeza ndili pansi pakati pa njere, lamba akuyenda ngati bulu wokalamba. Atamva nkhani yanga anati ndizimitse chithunzi chachinayicho, kapena ndinyamule chikwama.

"Zimitsani nokha, bwana. Koma usiku uno mugone muno."

Sanagonemo. Loweruka amayi asanu anali pa lamba. Katundu sanabwerere.

Alendo akabwera, a Lazhar amatama nzeru za kamera. Amayi aja amangosiya mpata pakati pawo, pamene pali kampando, ndipo palibe amaikapo ngakhale mpango.

Sabata yatha a Lazhar anati amayi anayi akwana. Ophika buledi akunong'ona kuti m'mawa mwake bwanayo anadzuka, khomo chitsekere, n'kupeza zipatso zisanu zitandandalikidwa pa pilo. Zonyezimira, zosalakwa.

Akuti mpeni anali nawo pafupi. Sanazing'ambe.