Malo a Michelle ku Sukulu ya Kumtunda

Chitseko cha kukhitchini chinamenyedwa mwamphamvu mpaka kalendala ya kutchalitchi inagwa pakhoma. Edwina sanaitole. Anaima pasinki manja ali m'chiuno, misozi ikungoyenderera, pamene mwamuna wake Dunstan anangokhala ndwii pampando ngati munthu wodikira jekeseni.

Nkhani inali ya sukulu. M'mwezi wa Malichi umenewo, mu 2006, malo a ana opita ku sekondale anali atagawidwa, ndipo mwana wawo Michelle, wa zaka khumi ndi chimodzi, anamuponya kusukulu ya kumunsi, kuseri kwa mafulati amene ankakhalamo ku Sheffield, ku England. Sukulu imeneyo panalibe wosaidziwa. Nyuzipepala ikatulutsa mmene masukulu akhozera mayeso omaliza sekondale a GCSE, dzina lake unkayamba kulifuna kuchokera pansi. Mwa ana khumi ankakhoza awiri, chaka chabwino atatu. Aphunzitsi ankabwera mu Seputembala, pofika Khirisimasi athawa.

Edwina mtima wake unali pasukulu ya kumtunda, kumene kumakhala madokotala ndi aphunzitsi a kuyunivesite. Kumeneko mwa ana khumi ankakhoza asanu ndi atatu. Koma malo anali mazana awiri okha, ofuna malowo kuposa mazana asanu ndi limodzi, ndipo oyamba kutengedwa anali a m'dera lomwelo. Ana akuda pasukulupo unkatha kuwawerenga ndi zala, ndipo mmodzi mwa iwo anali Mtisunge, mwana amene Dunstan anabereka mwa mkazi wake woyamba.

"Ndasambitsa nkhalamba za azungu zaka zonsezi kuti mwana wanga akaphunzire kumene ana amamenya aphunzitsi?" anatero Edwina. "Lankhulani, bambo a Michelle. Mwangoti phee bwanji?"

Dunstan anakanda m'mutu. "Njira ilipo imodzi, koma simuikonda. Mwana amene mbale wake ali kale pasukulupo amamuika patsogolo pa onse odikira malo. Ngakhale amayi akhale osiyana. Chachikulu azikhala nyumba imodzi."

Edwina ankadziwa bwino chifukwa chimene anawo sankakhalira nyumba imodzi. Zaka zinayi m'mbuyomo, mayi ake a Mtisunge atamwalira ku Zomba, Dunstan anamuitanitsa mwanayo. Edwina anamupirira miyezi yochepa chabe. Fulati yachepa, mwanayu amadya kwambiri, mwanayu amandiyang'ana moipa, zifukwa zinali mbwee. Tsiku lina Dunstan pochokera kuntchito kwake kumalo osungira katundu anapeza zovala za mnyamatayo zili pakhomo. Bamboyo, pakamwa pake polemera monga mwa masiku onse, sananene kanthu. Amene anabwera kudzamutenga mwanayo anali mchemwali wake wa Dunstan, a Mayankho, namwino wamkulu wokhala kumtunda kuja. Tsiku limenelo Edwina anawalalatira alamu akewo pamasitepe, anthu onse akumva, kuti mkazi wosabereka ndiye woyenera kutola ana a eni.

Mawu aja, abale, amatuluka mosavuta. Tsopano anayenera kukwera nawo phiri.

Loweruka masana anakwera basi onse atatu. Basiyo inkakwera mtunda, nyumba zikukulirakulira, mitengo ikuchuluka, ndipo Michelle anakanikiza mphuno pawindo pamene ankadutsa pasukulu ija ndi mabwalo ake obiriwira. Edwina ankangopotokola mpango m'manja.

A Mayankho anawalandira mwaulemu wozizira. Anawapatsa tiyi. Mtisunge anatsika kuchokera m'chipinda chake, atatalika kuposa bambo ake, ndipo anapereka moni ndi manja awiri.

"Muli bwanji, mayi a Michelle?"

Sanati amayi. Edwina anamva, koma akanatani? Ana atawauza kuti apite kukhitchini, Edwina anatsetsereka pasofa n'kugwada pakapeti.

"Alamu, ndabwera ndi manyazi. Ndinakulakwirani, ndinamulakwiranso mwanayu. Ndikupempha Mtisunge abwerere kunyumba kwa bambo ake. Michelle apeze malo."

"Dzukani, alamu," anatero a Mayankho. "Maondo anu sasintha kanthu kusukuluko."

Edwina sanadzuke. "Ngati kubwerera n'kovuta, tingolembetsa kuti amakhala kwathu. Azigona konkuno monga kale. Ndani angadziwe?"

A Mayankho anaika kapu patebulo pang'onopang'ono. "Mwamva, achimwene? Akumufuna dzina lokha, thupi lake ayi." Kenako anatembenukira kwa Edwina. "A kusukulu amafufuza. Amabwera kudzagogoda pakhomo. Akapeza bodza, Michelle amuchotsa, ndipo dzina la mnyamatayu lidetsedwa pamodzi. Mwanayu anabwera kuno akukodza pabedi ndi mantha, wa zaka khumi ndi chimodzi. Ndinamulera ine wosabereka uja. Lero aphunzitsi akuti masamu palibe womuposa m'kalasi mwake, chaka chamawa alemba mayeso, ndiye ndimupereke kwa inu kuti akhale makwerero a mwana wanu?"

"Si choncho, alamu."

"Nanga ndi chiyani? Akanakhala kuti ali kusukulu ya kumunsi, mukanakumbuka kuti bambo ake ali ndi nyumba?"

Edwina anayang'ana mwamuna wake kuti amuthandize. Dunstan anali kuyang'ana nsapato zake. Mkaziyo analira mokweza tsopano, osabisanso, mamina ndi misozi pamodzi.

"Michelle sanalakwe kanthu. Ndilangeni ine. Mwana ali ndi nzeru uyu, akapita kumunsi kuja athera pomwepo. Ndilibe kwina kopita, alamu. Nyumba ya kuno sitingaikwanitse ngakhale titagwira ntchito usana ndi usiku."

A Mayankho anamuyang'ana. Nkhope yawo inafewa pang'ono, koma mawu sanafewe.

"Michelle ndi magazi anga, sindingamutaye. Mtisunge sachoka pano. Ngati mukufuna anawa akhale nyumba imodzi, nyumba yake ndi ino. Michelle abwere. Osati mwa dzina, abwere ndi zovala zake, azigona pano, azidzukira pano, dokotala wake akhale wa kuno. Zaka zisanu, mpaka amalize."

Edwina anadzutsa mutu. "Mwana wanga mmodzi yekhayo?"

"Uyunso anali mmodzi yekhayo kwa mayi ake."

"Bambo a Michelle, nenani kanthu."

Dunstan anakweza mutu, maso ali ofiira. "Ndinene chiyani, Edwina? Woyamba anachoka ndili chete. Ndilibe pakamwa pokanira lero."

Apo ndi pamene anazindikira kuti ana aja anali ataima pakhomo la kukhitchini. Mtisunge anali atagwira phewa la mlongo wake. Analankhula kwa azakhali ake m'Chichewa chake cha ku Zomba chimene sanachitaye.

"Anti, akhoza kutenga chipinda changa, chili ndi desiki. Ine ndisamukira chaching'ono chija. Kusukulu ndizipita naye, palibe angamuvutitse."

Mnyamatayo akanamutukwana, bwenzi Edwina atapeza pogwira. Koma chifundo chimenechi chinamulasa kuposa mawu onse a alamu ake. Anatembenukira kwa mwana wake, akuyembekeza kuti alira, kuti amukakamira pachitenje n'kukana. Michelle, wobadwira ku England, amene Chichewa ankangomva koma kuyankha m'Chingerezi, maso ake anali akuwala.

"Can I, Mum? Please?"

Edwina akakana, ndiye kuti wamutsekera yekha mwana wake chitseko chimene anabwera kudzagwadira. Akavomera, abwerera kufulati yopanda mwana. Anangogwedeza mutu, ndipo Michelle anathamanga kukwera masitepe kukaona chipindacho.

Michelle anasamuka pa tchuthi cha Isitala. Mu Julaye a kusukulu anaimba foni kwa a Mayankho, osati kwa Edwina, kunena kuti banja lina lasamukira ku Leeds ndipo malo apezeka. Edwina anamva nkhaniyo ali kuntchito, akusintha zofunda za nkhalamba ina. Anathokoza Mulungu, kenako anakadzitsekera m'bafa n'kulira mpaka mnzake anagogoda.

Tsiku lotsegulira sukulu anapempha kuti alowe ntchito mochedwa, n'kukwera basi ya m'mawa kuti akamuone mwana wake atavala yunifolomu. Anafika anawo akutuluka pageti la nyumba. Michelle anali atavala bulezala, jekete ya sukulu yatsopano imene anamugulira a Mayankho, tsitsi atamuluka kalukidwe kena kosakhala ka mayi ake. Anawakumbatira amayi akewo msangamsanga, akuyang'ana wotchi, n'kuthamangira mlongo wake amene anali atatsogola kale.

Edwina anatsala pageti ndi alamu ake. Anafunsa ndi mawu aang'ono, ngati mlendo.

"Kodi ndingamabwere liti kudzamuona?"

"Pakhomo pano sitinatsekerepo munthu, alamu," anatero a Mayankho. "Zaka zinayi Mtisunge ankakhala pawindo ilo Lamlungu lililonse, kudikira kuti mwina wina wa kwa bambo ake atsika basi. Inu muzibwera. Mwana asadikire pawindo."

A Mayankho analowa m'nyumba kukakonzekera za kuntchito. Edwina anayang'ana kumsewu, ana a mabulezala ali mbwee kulowera kusukulu, ndipo wake sanathenso kumuzindikira pakati pawo. Anawoloka msewu n'kukaima podikirira basi yotsikira kumunsi.